Mangawa Athu ndi Amangawa Athu

Pa mapempho onse a mu Pemphero la Ambuye, pali limodzi lokha limene Yesu analibwerera atangomaliza kuphunzitsa pempherolo: "mutikhululukire mangawa athu, monga ifenso takhululukira amangawa athu." Werengani Mateyu 6:14-15 mudzaona kuti sanafotokoze za chakudya chalero kapena za mayesero, anafotokoza za ili. Komabe ndi pempho limene pakamwa pamalithamangira mtima uli kwina.

Mangawa ndi ngongole. Pali amene anatenga, pali amene anataya chake, ndipo wina ayenera kusenza kutayako. Mukagwira chithunzi chimenechi, kulapa, kukhululuka ndi kupemphera zimaoneka bwino kuti ndi ntchito yokhala ndi magawo, ndipo gawo lililonse lili ndi pamene limaonongekera.

Tiyambe ndi amene anatenga.

Mafumu awiri oyamba a Israeli onse ananena mawu akuti "ndachimwa", koma mmodzi yekha ndiye analapa. Pa 1 Samueli 15, Sauli, amene analamulidwa kuononga zonse za Aamaleki, atasiya Agagi mfumu yawo wamoyo pamodzi ndi zoweta zonenepa, anayamba ndi kukana: ndachita zimene Yehova analamula. Samueli atamufunsa za kulira kwa nkhosa, mlandu anaukankhira kwa anthu ake. Kenaka anauveka chovala chachipembedzo, akuti nyamazo zinali za nsembe. Atapanikizidwa anavomera, koma ndi chifukwa pambali pake: ndinaopa anthu. Pomaliza, pa vesi 30, mtima wake unaonekera poyera pamene anapempha Samueli kuti amulemekezebe pamaso pa akuluakulu a anthu. Chimene Sauli ankapulumutsa ndi mbiri yake. Davide mlandu wake unali woopsa kuposa umenewu, chigololo ndi mkazi wa Uriya ndiponso kuphetsa mwini mkaziyo, koma Natani atamuloza chala, yankho lake pa 2 Samueli 12:13 ndi mawu awiri okha m'Chihebri: ndachimwira Yehova. Sanawonjezere kanthu.

Mawu a Chihebri amene aneneri ankawagwiritsa ntchito kwambiri pa kulapa ndi shuv, kutanthauza kubwerera, monga amachitira munthu amene wazindikira kuti wasochera njira. A Chigiriki ndi metanoia, kusintha maganizo mpaka pa muzu. Onse awiri sakunena za misozi. Yudasi anamva chisoni chachikulu, anabweza ndalama 30 zasiliva, anaulula kuti wapereka munthu wosalakwa, ndipo Mateyu 27:3 pamenepo akugwiritsa ntchito mawu ena a Chigiriki, onena za kudandaula ndi zimene wachita. Chisoni chakecho anapita nacho kwa ansembe aakulu amene anamuyankha kuti zimenezo n'zake, kenaka anapita nacho ku chingwe. Petro naye analira kwambiri usiku womwewo, koma anabwerera kwa Yesu amene iye anamukana. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 akusiyanitsa zisoni ziwirizi: china chimabala kulapa, china chimabala imfa. Pozindikira kuti chanu ndi chiti, musayeze kuchuluka kwa ululu. Onani kumene chikukutengerani.

Gawo loyamba la kulapa ndi kutchula tchimo dzina lake. "Mundikhululukire pa zonse zimene ndalakwa" ndi pemphero losavuta chifukwa silikhudza chilichonse. "Ndinanamiza mkazi wanga za kumene ndalama zinapita, chifukwa ndinkaopa kuti andifunsa za juga" ndi lowawa, koma ndi limene limasintha munthu. Muone kuti m'chiganizo chimenechi muli zinthu ziwiri, chochitikacho ndi muzu wake. Amene amalapa bodza lokha osakhudza chimene bodzalo limabisa adzanamanso sabata yamawa.

Lachiwiri ndi kuchotsa timawu tiwiri timene timapha kupepesa kulikonse: "koma" ndi "ngati". "Pepani, koma nanunso munandiputa" ndi kuimba mlandu mnzanu mutavala nkhope yopepesa. "Pepani ngati ndinakulakwirani" ndi kuuza munthu kuti mwina vuto ndi mtima wake wosachedwa kupsa. N'kutheka kuti winayo analakwadi kwambiri kuposa inu. Ngakhale gawo lanu litakhala limodzi mwa magawo khumi a mlanduwo, gawo limodzilo mulivomere lonse, ndipo nkhani ya magawo asanu ndi anayi otsalawo idikire tsiku lina.

Lachitatu ndi kudziwa woululira. Mulungu amaululidwa zonse. Munthu amene munamulakwira amaululidwa zimene zinamukhudza. Gulu limaululidwa zimene zinachitikira pagulu. Apa anthu amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Wina amanyoza mnzake pamaso pa anthu makumi awiri kenaka n'kupepesa monong'ona kuseri. Wina amapita kwa munthu amene sakudziwa kanthu n'kumuuza kuti "ndakhala ndikukudani kwa zaka zitatu", iye n'kuchoka mtima utapepuka, katundu yense atamusenzetsa mnzakeyo. Tchimo limene linathera mumtima lithere pakati pa inu ndi Mulungu, kapena pamaso pa mkhristu wokhwima wosunga chinsinsi, monga akunenera Yakobo 5:16. Mipingo imasiyana pa njira yake. Akatolika ali ndi sakramenti la kulapa kwa wansembe, ndipo msonkhano waukulu wa ku Lateran wa mu 1215 unalamula kuti mkhristu aliyense aulule machimo ake kosachepera kamodzi pachaka. Mipingo yambiri ya Chiprotestanti ilibe lamulo lotere, imagogomezera kuulula kwa Mulungu mwachindunji. Koma onse amene asamalira miyoyo ya anthu kwa nthawi yaitali amadziwa kuti tchimo lobwerezabwereza, monga uchidakwa kapena zithunzi zolaula, kawirikawiri silitha munthu akamalimbana nalo yekha mumdima.

Gawo lachinayi ndi limene limasiyidwa kwambiri m'maulaliki, ndipo ndi limene Baibulo limalifotokoza ndi manambala: kubweza. Pa Levitiko 6:1-5, munthu amene ananyenga mnzake pa chinthu chosungitsidwa, kapena analanda, kapena anatola chotayika n'kukana, ankabweza chinthucho chonse n'kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo ankatero tsiku lomwelo la nsembe yake yopalamula. Wakuba wogwidwa chiweto chikadali chamoyo m'manja mwake ankabweza kawiri. Akakhala kuti wapha kapena wagulitsa, Eksodo 22:1 akuti ng'ombe zisanu pa ng'ombe imodzi, nkhosa zinayi pa nkhosa imodzi. Muone kusiyana kwake: wodziulula yekha amawonjezera pang'ono, wochita kugwidwa amalipira zochuluka. Zakeyu pa Luka 19:8 anadzipatsa yekha mlingo wa wakuba wogwidwa, kubweza kanayi, kuwonjezera pa theka la chuma chake kwa osauka. Palibe amene anamuuza. Yesu sanamuletse kuti chisomo chakwana, anangoti lero chipulumutso chafika m'nyumba ino.

Mkhristu samangidwa ndi manambala amenewa ngati lamulo, koma mfundo yake ilipobe. Pochita, khalani pansi mulembe zimene munatenga, liti, kwa yani. Mukakayika pa kuchuluka kwake, tsamirani mbali yokomera wolakwiridwayo. Ngati simungathe kubweza nthawi imodzi, pitani mukanene zoona, mugwirizane za kubweza pang'onopang'ono, ndipo gawo loyamba mupite nalo m'manja tsiku lomwelo, pakuti lonjezo la munthu amene ananama kale lilibe mtengo. Mwini wake akakhala kuti anamwalira, abale ake alipo. Numeri 5:8 anaganizira ngakhale za munthu wopanda wachibale: chobwezacho chinkapita kwa Yehova kudzera mwa wansembe. Sichinkatsala m'thumba la wolakwayo. Mlandu suwola.

Zovuta ndi zinthu zosagwirika. Madzi akatayika saoleka, ndipo mbiri ya munthu ikaipitsidwa sibwerera yonse. Komabe gawo lina limabwerera. Amene anafalitsa bodza pa gulu la WhatsApp alembe pa gulu lomwelo kuti zimene ananena zinali zabodza, atchule bodzalo, osati kungofufuta uthenga mwakachetechete. Amene anaba nthawi ya ana ake ndi mowa sangabweze zaka, koma angayambe kupezeka pakhomo madzulo ano.

Chomaliza ndi kutseka njira. Yohane M'batizi atafunsidwa kuti tichite chiyani, sanayankhe za mumtima zokha. Okhometsa msonkho anawauza kuti asalandire zoposa zimene analamulidwa, asilikali anawauza kuti asalande za anthu ndipo akhutire ndi malipiro awo (Luka 3:12-14). Tchimo lililonse lozolowereka lili ndi nthawi yake, malo ake ndi anzake. Fufutani nambala ija, sinthani njira yobwerera kuchokera kuntchito, foni igone kunja kwa chipinda chogona. Kulapa kumene kumasiya zonsezi m'malo mwake kumakhala masiku ochepa.

Pali kulakwitsa kwina kosiyana ndi kwa Sauli, kumene kumagwira anthu a chikumbumtima chofewa. Amalapa tchimo limodzi lomwelo la zaka khumi zapitazo usiku uliwonse, chifukwa sakumva mumtima kuti akhululukidwa. 1 Yohane 1:9 sakutsamira pa zimene mukumva. Akuti Mulungu ndi wokhulupirika ndi wolungama kuti akhululuke. Kubwereza kulapa tchimo lolapidwa kale kuli ngati kupita tsiku ndi tsiku kukalipira ngongole imene inafafanizidwa m'buku. China chimene chimawasokoneza ndi zotsatira za tchimo. Davide anauzidwa nthawi yomweyo kuti Yehova wachotsa tchimo lake, komabe mwana anamwalira ndipo lupanga silinachoke m'nyumba mwake. Ntchito imene inatha, banja limene linasweka, chilango cha khoti, zonsezi zikhoza kutsala kwa munthu wokhululukidwa kotheratu.

Tsopano amene anataya chake.

Fanizo la pa Mateyu 18:23-35, la kapolo amene mfumu inamukhululukira ngongole koma iye n'kukana kukhululukira mnzake, limamveka bwino mukawerengera ndalama zake. Dinari inali malipiro a tsiku limodzi a waganyu (Mateyu 20:2). Talente imodzi inali madinari pafupifupi 6,000. Kapolo woyamba anali ndi ngongole ya matalente 10,000, amene ndi madinari 60,000,000. Munthu wogwira ntchito masiku 300 pachaka angafune zaka 200,000 kuti aibweze, ndiye mawu ake akuti "mundilezere mtima, ndidzabweza zonse" ndi oseketsa. Mnzake anali naye ngongole ya madinari 100, malipiro a miyezi itatu ndi masiku ena. Olalikira ena amati ngongole yachiwiriyi inali yachabechabe. Sinali yachabechabe. Aliyense amene anataya malipiro a miyezi itatu akudziwa kupweteka kwake. Yesu sakuchepetsa zimene anakuchitirani. Akuziika pambali pa ngongole ina imene inu munakhululukidwa.

Ndipo mfumu ija itakhululuka, matalente 10,000 sanabwerere mosungira chuma. Inawataya. Kukhululuka ndi kuvomera kusenza kutayako n'kusiya kulonjerera ngongoleyo. N'chifukwa chake kumapweteka, ndipo amene amati n'kosavuta mwina sanakhululukirepo chinthu chachikulu.

Chisokonezo chachikulu chimabwera posakaniza zinthu zinayi zosiyana: kukhululuka, kuyanjana, kukhulupirira, ndi chilungamo. Marko 11:25 akuti mukaimirira kupemphera, khululukani ngati muli ndi kanthu ndi munthu, ndipo palibe mawu onena kuti munthuyo ayambe wapepesa. Luka 17:3 akuti m'bale wako akachimwa umdzudzule, akalapa umkhululukire. Mavesi awiriwa sakutsutsana. Loyamba likunena za zimene mungachite nokha pamaso pa Mulungu, kusiya kubwezera ndi kufunira wina zoipa. Lachiwiri likunena za kubwezeretsa ubale, kumene kumafuna anthu awiri. N'chifukwa chake Paulo pa Aroma 12:18 anaika malire kawiri pa kukhala mwamtendere ndi anthu onse: ngati n'kutheka, monga momwe inu mungathere.

Kukhulupirira kumabwera pambuyo penipeni, ndipo kumayenda ndi umboni. Yosefe anagulitsidwa ali ndi zaka 17, anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, ndipo anadziulula kwa abale ake zitatha zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu ndi ziwiri za njala. Zonse pamodzi ndi zaka 22. Ngakhale pamenepo sanathamangire kuwakumbatira. Machaputala atatu athunthu, Genesis 42 mpaka 44, akuwayesa kuti aone ngati angataye Benjamini monga anamtayira iye. Ndipo pa Genesis 50:20 sananene kuti panalibe kanthu, anati inu munandikonzera choipa. Davide analeka kupha Sauli kawiri, kuphanga ndi kumsasa, anamva Sauli akulira ndi kuvomera kulakwa, koma sanabwerere kunyumba yachifumu. Msungichuma amene anadya ndalama za mpingo akhoza kukhululukidwa lero n'kukhala pa gome la Ambuye atalapa, koma kumubwezera makiyi mwezi womwewo n'kumuika pa mayesero.

Apa atsogoleri a mipingo ena amavulaza anthu. Mayi amene akumenyedwa, kapena mwana amene wagwiriridwa, akauzidwa kuti "khululuka, usapite nazo kunja", mawu a Yesu asanduka chishango cha wolakwayo. Aroma 12:19 akuletsa kubwezera ndi dzanja lanu, ndipo mavesi ochepa kutsogolo, pa 13:4, akunena za olamulira amene apatsidwa ntchito yolanga ochita zoipa. Kukanena kupolisi, kuchoka pamalo oopsa ndi kukhululuka zikhoza kuchitika pamodzi mwa munthu mmodzi. Wolakwa amene walapadi sapempha kuti abisidwe.

Nanga kukhululukako kumachitika bwanji? Yambani ndi kuwerenga ngongoleyo moona: anandilanda chiyani? Ndalama, zaka, ulemu, tulo? Simungafafanize zimene simunavomere kuti zilipo. Kenaka muuzeni Mulungu momveka, motchula dzina la munthuyo, kuti ngongole imeneyi simuilonjereranso. Pambuyo pake pamatsala ntchito yaitali yosiya njira zitatu zimene mtima umalonjerera nazo: kumukumbutsa mwini wake pa mkangano uliwonse, kuuza anthu ena kuti amuone moipa, ndi kuibwereza nkhaniyo m'mutu mukagona. Yachitatuyi ndiyo yovuta. Katswiri wa za maganizo Everett Worthington, amene wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, amasiyanitsa kukhululuka kochita kusankha ndi kukhululuka kwa mumtima. Koyamba kungachitike tsiku limodzi, kwachiwiri kumatenga nthawi. Mkwiyo ukabweranso mutamuona munthuyo patatha mwezi, sizikutanthauza kuti munanama. Mubwerezenso zimene munasankha. Petro ankaona ngati kukhululuka kasanu ndi kawiri n'kokwanira. Yankho la Yesu mabaibulo ena amati ka 77, ena ka 70 kuchulukitsa ndi 7, ndipo likutembenuza mawu a Lameki pa Genesis 4:24, amene anadzitama kuti adzabwezera ka 77. Kawirikawiri nambala imeneyi imathera pa tchimo limodzi lokha, lokhululukidwa mobwerezabwereza.

Ngati mukufuna kuyanjana, Mateyu 18:15-17 akupereka ndondomeko: muyambe awiriwiri, zikakanika mutenge mmodzi kapena awiri, zikakanikabe mupite ku mpingo. Ambiri amayambira kumapeto, ndipo wolakwayo amakhala womaliza kumva.

Mawu akuti "monga ifenso" asakuchititseni kuganiza kuti chikhululukiro cha Mulungu chimagulidwa ndi chathu. M'fanizo lija mfumu ndiyo inayamba. Kukana kukhululuka kwa kapoloyo kunangoonetsa kuti chifundo chimene analandira sichinamulowe.

Zonsezi zimafuna malo ochitikira tsiku ndi tsiku, ndipo malowo ndi pemphero. Mfundo yoyamba mwa 95 zimene Martin Luther analemba mu 1517 inali yakuti pamene Yesu anati lapani, ankafuna kuti moyo wonse wa wokhulupirira ukhale kulapa. Kabuku kakale ka malangizo a mpingo kotchedwa Didache kanauza akhristu kuti azinena Pemphero la Ambuye katatu patsiku, kutanthauza kuti katatu patsiku ankadutsa pa mangawa aja. Ignatius wa ku Loyola, m'zaka za m'ma 1500, anasiya njira yodzifufuza ya magawo asanu imene akhristu a mipingo yosiyanasiyana amaigwiritsabe ntchito: kuyamika, kupempha kuwala kuti muone zoona, kuyenda m'tsiku lonse ola ndi ola, kupempha chikhululukiro, ndi kutsimikiza chimene mudzachite mosiyana mawa. Mphindi 10 kapena 15 zimakwana. Musadumphe gawo loyamba. Munthu amene amayamba ndi machimo ake asanayamike amathera pa kudziyang'ana yekha, ndipo pakapita masabata awiri amasiya chifukwa chotopa. Musachitenso mutagona kale pabedi, pokhapokha ngati mukufuna kufika pa gawo lachiwiri lokha.

Mawu akasowa, alipo okonzeka. Kuyambira kale mpingo umasunga masalmo asanu ndi awiri a kulapa: 6, 32, 38, 51, 102, 130 ndi 143. Salmo 32 likufotokoza ngakhale zimene kubisa tchimo kumachita m'thupi, mafupa kukalamba ndi mphamvu kuuma. Wolakwiridwa nayenso ali ndi ake. Salmo 55:12-14 ndi kulira kwa munthu amene waperekedwa ndi bwenzi limene ankapita nalo limodzi kunyumba ya Mulungu, ndipo Salmo 109 lili ndi mawu aukali amene ambiri amachita manyazi kuwawerenga mokweza. Ali m'Baibulo chifukwa mkwiyo ukanenedwa kwa Mulungu umakhala utaperekedwa kwa woweruza woyenera. Ukabisidwa ndi mawu okoma a m'pemphero, umatulukira kwa ana ndi kwa anzanu akuntchito.

Pemphero lili ndi matenda akenso. Lina ndi la Mfarisi wa pa Luka 18, kulapa machimo a ena: "Ambuye, muthandizeni mwamuna wanga aone kulakwa kwake." Lina ndi miseche yovala dzina la nkhani yopempherera. Lina ndi kugwiritsa ntchito pemphero pothawa munthu. Pa Mateyu 5:23-24 Yesu anati ukakumbukira uli paguwa kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye mphatso yako pomwepo, upite ukayanjane naye. Ankalankhula ku Galileya, guwa linali ku Yerusalemu, ulendo wa masiku atatu kapena kuposerapo wapansi. Omvera akewo anamva kutalika kwa ulendo umene akuwatuma. Ife kawirikawiri ndi nkhani ya kuimba foni.

Kupempherera amene anakulakwirani, monga akulamulira Mateyu 5:44, kumayamba mouma. Musadikire kuti mumve chikondi. Tchulani dzina lake ndi chinthu chimodzi chabwino chimene mungamupemphere moona, ngakhale chitakhala chakuti Mulungu amutembenuze asanavulaze wina. Chitani zimenezi tsiku lililonse kwa mwezi umodzi, nthawi yomweyomweyo. Masiku ena mudzafika pa mawu akuti "monga ifenso takhululukira" n'kupeza kuti dzina lina lakutsekani pakhosi. Imani pomwepo, musalumphe mzerewo ndipo musaunene mwachinyengo. Nenani zimene zilipo: Atate, uyu sindinathe, koma ndikufuna kuti ndifune. Mawa mudzabwerenso pa mzere womwewo ndi dzina lomwelo.